Mtima wa Nkhumba ya a Vondra

1. Funso la pa mpanda

"Amayi, n'chifukwa chiyani duwa lofiira limada dzuwa likalowa, pomwe labuluu limawalabe?"

Anafunsa funsoli ndi Zorka Kalinová, ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Anali ataima pa mpanda wolekanitsa bwalo la kwawo ndi la a Vondra. Pambali pake panali Blažena, mwana wa a Vondrawo, wa msinkhu wake womwewo. Amayi ake a Zorka, omwe anali amasiye ndipo ankachapira anthu zovala, anali kuanula nsalu pa chingwe. Anangomuyankha kuti maluwa nawonso amagona, alowe m'nyumba.

Nkhaniyo ikanathera pomwepo. Koma mayi Kalinová anakaifotokoza ngati choseketsa kwa aphunzitsi Kubát, tsiku lina pokapereka malaya awo. Aphunzitsiwo sanaseke. Anati funso limenelo ndi lomwe linamusowetsa tulo Jan Purkyně.

Kwathu kuno dzina la Purkyně sititchula mwachibwana. Anabadwira ku Libochovice, tauni yathu yomweyi kumene timakagula mchere ndi kukwera sitima. Bambo ake anamwalira iye ali wamng'ono, ndipo chimene chinamutsegulira chitseko cha sukulu ndi mawu ake oimbira m'tchalitchi. Atakula anakhala dokotala wofufuza mmene thupi limagwirira ntchito. Ndiye anasonyeza kuti kukamada diso limasintha kaonedwe kake: kufiira kumazima msanga, kubuluu kumatsala. Anapeza timaselo ta mu ubongo timene mpaka lero timadziwika ndi dzina lake. Anagawa zidindo za zala m'mitundu isanu ndi inayi. Ndipo m'kati mwa mtima wa nkhosa anaona tiulusi totuwa timene ena ankangodula osationa. Obwera pambuyo pake ndiwo anazindikira kuti tiulusito ndi timene timayendetsa uthenga woti mtima ugunde.

Kuyambira pamenepo mudzi wonse unayamba kumutchula Zorka kuti Purkyně wamng'ono.

Blažena sanapatsidwe dzina lililonse. M'kalasi ankakhoza kuposa Zorka. Makope ake anali oyera, malemba ake ngati osindikiza, pomwe Zorka ankadonthetsa inki paliponse ndi kuiwala magolovesi m'tchalitchi. Koma Blažena akalowa m'sitolo, amwini sitolo ankamupatsa moni kuti, "Takulandira, neba wa Purkyně wamng'ono." Iye ankayankha mwaulemu, n'kutuluka atagwira nsagwada.

2. Malo amodzi okha

Atsikanawa atafika chaka chomaliza cha sukulu ya m'mudzi, aphunzitsi Kubát anabwera ndi uthenga. Dokotala wina wa ku Prague anali kudzacheza pa sukulupo Lolemba, pa sitima ya m'mawa, n'kubwerera pa ya masana. Mwana aliyense wofuna anayenera kuonetsa kanthu kochokera pa ntchito za Purkyně. Mmodzi yekha ndiye anali kudzasankhidwa kukapitiriza maphunziro ku Prague. Aphunzitsi anachenjezanso kuti amene sadzapezeka m'kalasi mlendoyo akamalowa, asadzadziwerengere.

Kwa mtsikana wa kuno, kutsala kunkatanthauza kukasoka matumba ku fakitale ya shuga kumene ine ndimagwira ntchito, kapena kukakolopa m'nyumba za eni.

Blažena anasankha zidindo za zala. Anayenda khomo ndi khomo ndi mbale ya mwaye, ndipo ngakhale ine, wokhala kutsidya kwa msewu wawo, ndinadinda chala changa. Anasanja zidindozo pa pepala lalikulu, mtundu ndi mtundu. Inali ntchito yaukhondo, yosachititsa manyazi pamaso pa aliyense.

Zorka anafuna kuonetsa tiulusi ta mu mtima tija ndi galasi lokulitsa zinthu la aphunzitsi. Pa zimenezi pankafunika mtima wauwisi, wosagonetsa masiku ambiri. Aphunzitsi anati wa nkhumba ukhoza kulowa m'malo mwa wa nkhosa. Koma kwa mayi Kalinová kunalibe nkhumba, ngakhale khola lake.

Zinangochitika kuti a Vondra anali atakonza zopha nkhumba yawo Loweruka, kutatsala masiku awiri kuti dokotalayo afike. Mwambo wathu ndi wakuti wopha nkhumba sadya yekha. Madzulo mwana wa pa nyumbapo amanyamula gawo la anansi: chigubu cha msuzi wamagazi ndi soseji zingapo. Nawonso akadzapha yawo amabweza.

Mayi Kalinová anabwera pa mpanda n'kupempha kuti chaka chino, m'malo mwa gawo lawo, angopatsidwa mtima wosaphika. A Vondra anaseka mpaka kutsokomola. Anafunsa ngati aneba ayamba kudya maphunziro m'malo mwa nyama. Kenaka anati mtima alandira, ndi soseji zomwe, chifukwa mwana wopita ku Prague sapita ndi njala.

Blažena anali kuthyola nkhuni pafupi pomwepo. Anamva zonse.

3. Mbale yoyera

Loweruka kunacha kuli chipale chofewa mpaka m'maondo. Ndinali mmodzi wa amuna oitanidwa kukagwira nkhumba. Wopha anali bambo Šíma, amene wakhala akuphera mudzi uno nkhumba kuyambira tili ana. Ndi munthu wa thupi lalikulu ndi pakamwa posapuma. Asanayambe anamwa kachasu wa mapulamu pang'ono, nati ndi wotenthetsera mpeni.

Nkhumba itapachikidwa pa makwerero, anaing'amba, nachotsa zam'kati chimodzichimodzi. Atafika pa mtima anaukweza m'mwamba kuti tonse tiuone. Unali wofiira bwino, ukutuluka nthunzi. Anauika m'mbale yoyera ngati akupereka kwa mfumu.

"Vulani zipewa, abale anga," anatero. "Nkhumba ya a Vondra yakhoza mayeso. Ikupita ku Prague."

Tonse tinaseka. A Vondra, amene kachasu anali atawafika kale m'masaya, anawonjezera kuti bola pa nyumba pawo papezeke mmodzi wopita ku Prague, kaya ndi wa miyendo inayi. Sanaganize choipa ponena zimenezi. Anthu ambiri ovulaza ana awo ndi mawu saganiza choipa.

Kenaka anaitana Blažena kuti apite nayo mbaleyo kwa aneba mtima usanazizire.

Blažena anailandira ndi manja awiri. Njira yopita ku chipata imadutsa kuseri kwa shedi, kumene chimphika chinali kuwira ndi mutu wa nkhumba, mapapo ndi zikopa zopangira soseji. Amayi ake, amene ankasonkhezera moto, anali atalowa m'nyumba kukatenga anyezi.

Zimene zinachitika kumeneko anadzanena yekha pambuyo pake. Anaima pa chimphikapo. Anayang'ana kumbuyo. Anapendeketsa mbale, mtima n'kugwera m'madzi owirawo. Mbaleyo anaitsuka ndi chipale, napita mpaka pa chipata, naimapo pang'ono, nabwerera.

Bambo ake anamufunsa ngati Purkyně wamng'ono wakondwa. Iye anangogwedeza mutu n'kukakhala pa ntchito yosenda adyo.

4. Mawu a bambo Šíma

Cha ku masana a Vondra ndi amuna ena analowa m'nyumba kukadya. M'shedi tinatsala atatu: bambo Šíma akuvuula nyama m'chimphika, ine ndikugwira beseni, ndi Blažena ndi adyo wake.

Foloko yaikulu inatuluka ndi chinthu chozungulira, chotuwa. Bambo Šíma anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Zaka zonsezi sindinaphepo nkhumba ya mitima iwiri," anatero. "Lero ndaona."

Blažena sanadzutse mutu. Bambo Šíma anaika mtimawo pa thabwa n'kuudula pakati. M'kati monse munali motuwa mofanana. Tiulusi tija timaoneka chifukwa ndi totuwa pa nyama yofiira. Nyama yonse ikatuwa, ngakhale galasi la aphunzitsi silingatipeze.

Anapukuta mpeni pa epuloni, nakhala pa chitsa moyang'anana ndi mtsikanayo. Nthabwala zinali zitatha.

"Tamvera, mwanawe. M'mawa uja unaona ndikuchotsa kathumba kobiriwira pa chiwindi? Ija ndi ndulu. Nyama iliyonse ili nayo, yonenepa ndi yowonda yomwe. Palibe amene amadzudzula nkhumba chifukwa chokhala ndi ndulu. Koma wopha nyama akachita phuma n'kuiboola, chiwindi chonse chimawawa, ndipo ngakhale utsuke ndi madzi a mtsinje wonse sichidyeka. Nsanje ndi chimodzimodzi. Ndili nayo ine, ali nayo bambo ako, ali nayo ansembe akamamva kuti tchalitchi cha anzawo chagula belu latsopano. Kukhala nayo si mlandu. Mlandu ndi kuiboola pa chakudya cha anthu.

"Ndipo usaganize kuti walakwira Zorka yekha. Mbale ija si iwe unaiyamba. Chaka chimene bambo ako anathyoka mwendo, iwe ukukwawa, pa nyumba pano panalibe nkhumba. Anabweretsa gawo ndani? Malemu Kalina, bambo ake a mnzakoyo. Ndinawadulira ndine, ndipo anandiuza kuti ndiwonjezere mafuta chifukwa kwa a Vondra kuli khanda. Kupatsa n'kuika. Msewu uno umadutsa nyengo yozizira chifukwa mbale zimapita ndi kubwera. Ikaima pa khomo limodzi, imaima ponse."

Blažena anayankha motsitsa mawu kuti aliyense amangoti Zorka, Zorka, ngakhale bambo ake omubala.

Bambo Šíma sanatsutse. Anati mawu a a Vondra aja anali opusa, ndipo awauza kachasu akawachoka. Kenaka anayamba kuduladula mtimawo n'kuusakaniza ndi nyama ya soseji, poti pa ntchito imeneyi palibe chotaya.

"Ine sindikauza munthu," anatero. "Mpeni wanga ndi wodulira nyama, osati milandu. Madzulo ano ukanyamula gawo ndiwe, monga mwa mwambo. Ukakanena kuti pa bwalo pamaterera, palibe adzakutsutse. Ine Lolemba m'bandakucha ndili kwa a Mraček, tsidya la mtsinje, ndi nkhumba ina. Za kuno sindidzazimva."

Anandiyang'ana. Nanenso ndinavomera kuti ndikhala chete.

5. Gawo la aneba

Dzuwa litapendeka, Blažena ananyamula dengu la soseji. Chigubu cha msuzi chinali cholemera ndi chotentha, choncho amayi ake anandipempha kuti ndimuperekeze.

Kwa mayi Kalinová tinapeza tebulo litakonzedwa. Panali galasi la aphunzitsi, lumo la malemu bambo ake a Zorka lonoledwa kumene, ndi mbale ya madzi a mchere yosungiramo mtima. Zorka anali atadikira tsiku lonse. Amayi ake anali atamuletsa kupita kukafunsa, nati munthu wopatsidwa sathamangitsa wopatsa.

Mayi Kalinová anathokoza, nanunkhiza msuzi, nayamikira dzanja la bambo Šíma pa mchere. Zorka anavundukula dengu. Anasuntha soseji uku ndi uku.

"Nanga mtima?"

Blažena anayamba kunena kuti mbale ija, pamene ankadutsa pa chimphika... Mayi Kalinová anamuyang'ana, nayang'ana ine, ndipo anamutsegulira okha njira yothawira. Anati lero pa bwalo paliponse pakuterera, iwonso anatsala pang'ono kugwa pa chitsime.

Ine ndinayang'ana chigubu.

"Sindinaterereke," anatero Blažena. "Ndinauponya ndekha mu mphika. Uli m'soseji zimenezo."

Zorka sanalire. Anatenga lumo lija, nalipinda bwinobwino, naliika m'thumba la epuloni. Kenaka anafunsa chimene anamulakwira.

Pamenepo zonse zimene Blažena anasunga kwa zaka zinatuluka. Anati iye amadzuka kukadali mdima kuwerenga, pomwe mnzakeyo amangoyasamula n'kutamandidwa. Anati anayenda mudzi wonse ndi mwaye mpaka zala kung'aluka ndi kuzizira, koma palibe anavulira chipewa pepala lake.

"Ndipo tsiku lija pa mpanda tinalipo awiri. Duwa lija ndinaliona ndine poyamba. Ndinakukodola ndine kuti taona."

"Ndiye bwanji sunafunse?" anatero Zorka. "Safunsa anadya phula. Pakamwa unali napo."

"Iwe bwanji sunanenepo kuti ndinalipo?"

Zorka anavundikiranso dengu lija.

Mayi Kalinová anawauza onse awiri kuti akhale pansi.

"Iwe Blažena, wachita choipa, ndipo sindikuchepetsa. Mwana wanga alibe bambo, alibe munda, alibe nkhumba. Chitseko chake chinali chimodzi chomwechi, ndipo wachitseka ndi dzanja lomwe ndinkaligwira pokuwolotsa msewu. Koma ndakupatsa bodza lophikaphika, iwe walikana. Chimenecho ndachiona, ndipo sindidzaiwala.

"Iwenso Zorka, usatukule mphuno. Dzina lija unalivala ngati chikhoto chako, osayang'ana amene akunjenjemera pambali pako. Ndinalakwanso ine, pokauza aphunzitsi za mwana mmodzi pomwe pa mpanda panali awiri. Purkyně mukumulimbiranayo, ndinamva kwa aphunzitsi omwewo kuti akafuna kudziwa mphamvu ya mankhwala ankamwa yekha, n'kudwala yekha. Sankayesera pa thupi la mnzake. Inu mukufuna dzina lake, koma aliyense akufuna kuti ululu ugwere mnzake."

Atatero anatenga soseji imodzi n'kuiika pa moto. Anati chakudya ndi chakudya, sichikhala ndi mlandu.

6. Pa mpanda pomwe paja

Tinatuluka kunja chisisira chitagwa. Blažena anali atalowa kale m'bwalo la kwawo, koma m'malo mopita ku khomo anakhotera ku mpanda n'kuitana Zorka. Zorka anatuluka atafunda mpango wake wofiira, umene pa nthawi imeneyo unkaoneka wakuda bii. Amayi ake anaima pa khomo.

Blažena ananena za nkhumba ya kwa a Mraček. Anati adzanyamuka Lolemba kusanache, akapempha mtima kwa bambo Šíma, ndipo adzabwera nawo kusukulu ukadali wofunda. Zorka angopempha aphunzitsi kuti akhale womaliza kuonetsa.

Zorka anamukumbutsa kuti bwato silikuyenda chifukwa mtsinje unaundana, ndipo kuzungulira pa mlatho wa ku Libochovice ndi ulendo wa m'mawa wonse. Adokotala adzalowa m'kalasi iye kulibe. Pepala lake la zala silidzawerengedwa.

Blažena anati akudziwa.

Mayi Kalinová analowererapo ali pa khomo pomwepo. Anati amva kuti anyamata amadula njira poyenda pamwamba pa mtsinje, koma mphepo yasintha, madenga ayamba kudontha, ndipo madzi oundana a nyengo ngati ino amanyenga. Anati palibe sukulu ya ku Prague yoposa moyo wa mwana, ndipo Blažena alonjeze kuti adzadzera pa mlatho, popita ndi pobwera, ngakhale sitima ya adokotala inyamuke iye asanafike.

Atsikanawo anali kuyang'anana, ngati sanamve.

"Ndidzabwera nawo," anatero Blažena. "Koma usayembekeze kuti akakusankha ndidzaomba m'manja. Zidzandiwawabe."

"M'manja udzaombe kwanu. Ine ndikufuna ufike sitima ya masana isanalire." Zorka anakoka mpango wake. "Pepala lako undipatse mawa pochokera ku tchalitchi. Kaya aliwerenga kaya saliwerenga, ndidzalitambasula pamaso pa adokotala, ndipo ndidzawauza kuti pa mpanda pano tinalipo awiri."

"Walonjeza?"

"Ndalonjeza. Nanga iwe?"

Blažena anatambasula dzanja lake lonunkha adyo pamwamba pa mpanda, Zorka naligwira.

"Mtima udzafika sitima isanalire. Ndalonjeza."

Za mlatho sanalonjeze.